Nsomba zafa mumtsinje koma madzi ali mbee: ndikawiritsa, ana angamwe?

Nachisale: Moni nonse. Ndili ndi nkhawa, ndithandizeni nzeru. Lachiwiri usiku kunagwa mvula yamphamvu patapita nthawi yaitali kusakugwa. M'mawa mwake nditatsikira kumtsinje umene timatungako madzi mjigo ukawonongeka, ndinapeza nsomba zili yandayanda, mimba zili m'mwamba, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Pamchenga panali achule atatu akufa. Chondizunguza mutu n'chakuti lero madziwo adikha, ali mbee, alibe fungo lililonse. Kumtunda kuli minda imene amapoperamo mankhwala, ndipo ndinaonapo anthu akutsukira mapampu awo mumtsinje momwemo. Ana ena oyandikana nawo nyumba anatola nsombazo. Ndikawiritsa madziwa, ana anga angamwe? Nanga nsomba zija zikapsa bwinobwino, poizoni amatha?

Nabanda: Achemwali, musanayankhe china chilichonse pano, pitani mukawauze makolo a anawo kuti nsombazo zisadyedwe, ngakhale agalu ndi amphaka asapatsidwe. Moto suchotsa poizoni m'nsomba. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri ndipo ndikukupemphani kuti muwaonetsetse anawo ngati adya kale. Mankhwala ambiri ophera tizilombo m'minda akalowa m'thupi, munthu amatuluka dovu lambiri, thukuta, misozi, amasanza, amatsekula m'mimba, minofu imanjenjemera, kakuda ka pakati pa diso kamachepa kwambiri, kenako kupuma kumavuta. Mukaona zimenezi thamangirani kuchipatala. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Ngati botolo la mankhwalawo likupezeka, litengeni, chifukwa dzina lolembedwa pamenepo limatithandiza kudziwa chomupatsa wodwalayo.

Za madziwo, kuwiritsa kumapha zamoyo, monga tizilombo toyambitsa kolera ndi taifodi. Mankhwala si chamoyo choti chife. Alipo ena ochepa amene amauluka ndi nthunzi, koma mtovu, arsenic (poizoni wopezeka m'nthaka ina) ndi nitrate (wochokera ku feteleza ndi ndowe) zimatsala mumphika, ndipo popeza madzi achepa, zimachita kuchuluka pa kapu iliyonse. Klorini nayenso ntchito yake ndi yopha tizilombo basi.

Nachisale: Zikomo amayi. Ndikupita pompano.

aMbewe: Mayi Nabanda anena zoona, koma ndipemphe kuti tisafulumire kuloza chala alimi. Ine ndine mlimi ndipo ndaona nsomba zikufa mvula yoyamba ikagwa kumalo kumene kulibe wopopera ndi mmodzi yemwe. Madzi amakokolola ndowe, zinyalala ndi masamba owola n'kukazithira mumtsinje, mpweya wa m'madzi n'kutha. Komanso anthu amene amatinyoza chifukwa chopopera ndi omwewo amene amakana kugula mbewu zobooka ndi mbozi. Tichite bwanji?

aPhiri Mphunzitsi: Bambo Mbewe, mfundo yanu ndi yolondola ndipo anthu ambiri saidziwa. Zinthu zikamawola m'madzi, tizilombo toziwoletsa timamaliza okosijeni, nsomba n'kubanika. Feteleza amachitanso zomwezo mwa njira ina. Akakokoloka amadyetsa ndere, ndere zimachuluka, zikafa zimawola, mpweya n'kutha. Pamene mtsinje wa Mississippi wa ku United States umathira m'nyanja ya Gulf of Mexico, chaka ndi chaka nyengo yotentha pamakhala dera lalikulu limene pansi pake nsomba sizingakhalemo, chifukwa cha feteleza wochokera m'minda yakutali kwambiri kumtunda.

Koma chimene chandigwira mtima m'mawu a mayi Nachisale ndi achule. Chule wamkulu amatha kutulutsa mutu n'kupuma mpweya wa kunja, choncho kuchepa kwa okosijeni m'madzi sikumupha msanga. Khungu lake ndi lopyapyala, limayamwa zimene zili m'madzi. Nsomba ndi achule zikafa usiku umodzi, mtima wanga umakayikira poizoni. Ndipo mankhwala ena amene munthu amawapirirako pang'ono, monga cypermethrin, kwa nsomba ndi imfa ngakhale atakhala ochepetsetsa. Mankhwala ena a m'minda otchedwa endosulfan anapha nsomba m'mitsinje ya mayiko ambiri asanaikidwe m'gulu la mankhwala oletsedwa padziko lonse mu 2011.

aMbewe: Za achulezo sindinaziganizire, aphunzitsi. Ndivomere kuti kutsukira pampu mumtsinje ndi kulakwa, ndipo ineyo kale ndinkachita. Munthu watopa, msana ukuwawa, madzi ali pafupi. Anadzandiphunzitsa alangizi kuti botolo likatha ulitsukuluze katatu, madzi otsukirawo uwathire mupampu n'kuwapopera m'munda momwemo, kenako botololo uliboole kuti wina asadzasungiremo madzi akumwa. Komanso usapopere mitambo ikusonkhana, ndipo m'mphepete mwa mtsinje uzisiya udzu ndi mitengo. Zimenezi sizidya ndalama. Chimavuta n'chakuti zolembedwa pabotolo nthawi zambiri zimakhala timalemba ting'onoting'ono, mwinanso m'chiyankhulo chimene wopoperayo sachimva.

Tiyamike: Pepani akuluakulu, ndifunse nawo. Mtsinje umayenda. Patapita masiku atatu kapena anayi, poizoniyo sakhala atapita?

aPhiri Mphunzitsi: Funso labwino, Tiyamike. Ena amapitadi, kapena amaphwanyika ndi dzuwa patapita masiku kapena masabata. Koma kupita kwake ndi kupita kwa anzathu akumunsi. Pa 1 November 1986 nyumba yosungiramo mankhwala ya kampani ya Sandoz inapsa pafupi ndi mzinda wa Basel ku Switzerland. Madzi amene ozimitsa moto anathira anatengera mankhwala ophera tizilombo mumtsinje wa Rhine, ndipo mikunga inafa mtunda wa makilomita mazana kumunsi, m'dziko la Germany.

Ndiye pali ena amene sapita n'komwe. Amakhazikika m'matope pansi pa madzi, n'kulowa m'matupi a zamoyo. Mundilole ndikambe za Minamata, chifukwa ndikamaphunzitsa nkhani imeneyi mtima umandipweteka nthawi zonse.

Minamata ndi tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Japan. Fakitale ya kampani ya Chisso inkagwiritsa ntchito mercury, chitsulo chapoizoni chooneka ngati madzi, popanga mankhwala ena, ndipo kuyambira 1932 inkatayira madzi ake otsala m'nyanja imene asodzi ankaphamo nsomba. Madziwo ukawayang'ana sukanaona kanthu. Oyamba kudwala anali amphaka. Ankazungulirazungulira, kuphupha, ena n'kugwera m'nyanja, mpaka anthu anawatcha amphaka ovina. Akhungubwe ankagwa kuchokera m'mwamba. Nsomba zinkayandama. Anthu anaona zonsezi, moyo n'kumapitirira. Mu 1956 kunabwera kuchipatala kamtsikana ka zaka zisanu kosatha kuyenda bwino kapena kuyankhula bwino, kenako mng'ono wake, kenako ena ambiri. Manja ndi miyendo zinkachita dzanzi, maso ankaona ngati munthu akusuzumira mupaipi, makutu ankagontha. Poyamba anthu ankaganiza kuti ndi matenda opatsirana, ndipo mabanja odwalawo ankasalidwa.

Mu 1959 dokotala wa pachipatala cha kampaniyo, Hajime Hosokawa, anapatsa mphaka madzi a m'fakitale, mphakayo n'kudwala matenda omwewo. Kampani inabisa zimenezi. Madzi oipawo anapitiriza kutayidwa mpaka 1968, chaka chimene boma la Japan linavomereza poyera gwero la matendawo. Werengani nokha, zaka 12 kuchokera pamene mwana woyamba uja anafika kuchipatala. Pakati pa zaka zimenezo, mu 1965, matenda omwewo anabuka ku Niigata, dera lina la ku Japan komweko, chifukwa cha fakitale ina.

Nabanda: Aphunzitsi, mwasiya chimodzi chimene ife azamba ndi anamwino sitichiiwala. Ku Minamata kunali amayi amene iwo eni sankaoneka odwala kwenikweni, koma ana awo anabadwa ubongo utawonongeka, osatha kuyenda, ena osatha kuyankhula moyo wawo wonse. Nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti mwana ali m'mimba ndi wotetezeka ku poizoni. Mercury wa mtundu umenewu amadutsa n'kukafika kwa mwanayo. Ndikaganiza za mayi amene ankadya nsomba kuti mwana wake adzabadwe wamphamvu, misozi imalengeza.

Tiyamike: Koma nyanja ndi yaikulu chonchija. Zinatheka bwanji kuti madzi a fakitale imodzi aphe anthu? Sanasungunuke?

aPhiri Mphunzitsi: Apa ndiye pagona nkhani. M'madzi anali ochepadi. Koma tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi timayamwa, tizilombo timadya tizomerato tambirimbiri, tinsomba timadya tizilombo tambirimbiri, nsomba yaikulu imadya tinsomba tambirimbiri. Poizoni amene thupi silitha kumutulutsa msanga amatsalira pa sitepe iliyonse, ndipo wodya pamapeto ndiye amasenza mtolo wa onse. Wodya pamapetoyo ndi chiwombankhanga, katumbu, namgumi, kapena iwe ndi ine.

DDT, mankhwala ophera udzudzu ndi tizilombo ta m'minda, anachita zomwezo. Amakhazikika m'mafuta a m'thupi. Mbalame zodya nsomba zinayamba kuikira mazira a zigoba zopyapyala, moti mayi akakhalira, dzira limaphwanyika. Ku United States, kupatula Alaska, ziwombankhanga za mutu woyera zinatsala mabanja 417 okha mu 1963. DDT analetsedwa kumeneko mu 1972, mbalamezo zinayamba kuchulukanso, ndipo mu 2007 zinachotsedwa pa mndandanda wa nyama zotsala pang'ono kutha.

Nabanda: Apa ndiye ndisiyana nanu pang'ono, bambo Phiri. DDT akamatchulidwa, anthu amangokamba za mbalame. Ine ndinagwirapo m'manja mwanga ana akumwalira ndi malungo. Mankhwala amenewa anapulumutsa anthu ochuluka zedi, ndipo amene anatulukira mphamvu yake yopha tizilombo, Paul Müller, analandira mphoto ya Nobel mu 1948 pa chifukwa chimenecho. Munthu amene sanaonepo mwana akukomoka ndi malungo asandiuze kuti dzira la mbalame ndi lofunika kuposa mwanayo.

aPhiri Mphunzitsi: Sindingakutsutseni, mayi, ndipo ngakhale pangano la Stockholm la mu 2001, limene linaletsa mankhwala 12 okhalitsa m'chilengedwe, linasiya mpata woti DDT azigwiritsidwabe ntchito polimbana ndi udzudzu. Chimene chinapha mbalame sikunali kupopera makoma a m'nyumba. Kunali kumwaza ndi ndege pa minda, nkhalango ndi madambo. Ndipo kumwaza kumeneko kunathandizira kuti udzudzu uzolowere mankhwalawo msanga, chida cha inu achipatala n'kufooka. Mbalame ndi mwana anali mbali imodzi.

Nabanda: Pamenepo tagwirizana theka. Ndimangofuna kuti poletsa chinthu, oletsawo azibwera ndi cholowa m'malo chimene wosauka angachikwanitse.

aPhiri Mphunzitsi: Zinachitikapo zotere. Ku India, Pakistan ndi Nepal miimba inayamba kufa m'zaka za m'ma 1990, mitundu ina inatha kuposa 95 pa 100 iliyonse. Mu 2004 zinadziwika kuti wakupha anali diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu amene ankabaya ng'ombe. Muimba ukadya ng'ombe yakufa imene inabayidwa posachedwa, impso zake zimawonongeka. Miimba itatha, mitembo ya ziweto inkangowola pamtunda, agalu osowa mwini anachuluka, ndipo agalu ndiwo amafalitsa chiwewe. Mu 2006 mayiko atatuwo analetsa diclofenac pa ziweto, ndipo panapezeka meloxicam amene amathandiza ng'ombe osapha miimba.

Mavuto: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano mantha andigwira. Ine ndimakonza magalimoto. Mabatire akutha timawaswa kuseri kwa nyumba, asidi timamuthira pansi, mtovu timausungunula n'kugulitsa. Oyilo wakuda timathira mungalande. Mwana wanga wa zaka ziwiri amasewera pabwalo pomwepo. Amayi Nabanda, ndiuzeni zoona, musandibisire.

Nabanda: Achimwene, mwachita bwino kufunsa, ndipo sindikubisirani. Lekani lero lomwe kuswera mabatire pakhomo. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Mwana wa zaka ziwiri amagwira dothi n'kuika zala m'kamwa, ndipo thupi lake limayamwa mtovu kwambiri kuposa la munthu wamkulu. Choopsa n'chakuti kawirikawiri saoneka wodwala. Mtovu umadya nzeru mwakachetechete, mwana amadzavutika kusukulu, magazi amachepa, ndipo zimene zawonongeka muubongo sizibwerera. Ukachuluka kwambiri mwana amakomoka, mwinanso kumwalira. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera limene anthu ankatola mtovu wa m'mabatire akale. Ku Zamfara ku Nigeria mu 2010 ana oposa 400 anamwalira chifukwa makolo ankaperera m'makomo miyala ya golide imene inali ndi mtovu.

Pitani naye kuchipatala mukapemphe kuti amuyeze mtovu m'magazi, ndipo mukawauze ntchito imene mumagwira. Zovala za kuntchito zisalowe m'nyumba, musambe musanamunyamule. Pabwalopo musasese pouma chifukwa fumbi ndilo limanyamula mtovu, ndipo mwanayo asasewerepo mpaka dothi la pamwamba litachotsedwa kapena kukwiriridwa. Ngati akazi anu ndi oyembekezera, nawonso akayezetse.

Mavuto: Ali ndi pakati pa miyezi isanu. Mulungu wanga. Ndinkaona ngati choopsa ndi asidi yekha, chifukwa ndiye amawotcha.

Nabanda: Musadzitaye mtima, achimwene. Simunadziwe. Chachikulu ndi kuchotsa gwero lake, ndipo chimenecho chili m'manja mwanu. Mawa mukapite onse atatu.

aMbewe: Mavuto mwanawe, limba mtima. Safunsa anadya phula, iwe wafunsa. Mabatire ukagulitse athunthu kwa ogula amene amawatumiza kumafakitale okonzedwera ntchitoyo, ngakhale phindu lichepe.

Nangozo: Ine ndimakhala mumzinda, timamwa madzi a pampopi. Ndinkawerenga ndikudziuza kuti zimenezi ndi za otunga kumtsinje. Ndikulakwa?

aPhiri Mphunzitsi: Madzi a pampopi osamalidwa bwino ndi abwino kuposa a mumtsinje, mayi, musawasiye. Koma mpopi pawokha si chitsimikizo. Mu April 2014 mzinda wa Flint ku Michigan, m'dziko la United States, unayamba kutenga madzi mumtsinje wa Flint pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo sanathiremo mankhwala oteteza mapaipi kuti asadyeke. Madziwo anadya mapaipi akale, mtovu n'kulowa m'madzi akumwa. Anthu anadandaula kwa miyezi yambiri akuuzidwa kuti zonse zili bwino, mpaka madokotala anaonetsa mu 2015 kuti mtovu wakwera m'magazi a ana. Ngati nyumba yanu ndi yakale, m'mawa muzitsegula mpopi madzi ayende kaye musanatunge akumwa, ndipo ophikira ndi opangira mkaka wa mwana azichokera kumpopi wozizira.

Mjigo nawonso uyenera kuyezedwa. Ku Bangladesh anakumba zitsime zamapaipi mamiliyoni kuti anthu asiye madzi a m'maiwe amene ankapha ana ndi kutsekula m'mimba, ndipo zinathandizadi. Patapita zaka zinadziwika kuti zitsime zambiri zinali ndi arsenic wochokera m'nthaka momwemo, wopanda mtundu, wopanda fungo, wopanda kukoma kulikonse. Anthu anayamba kutuluka mawanga ndi zikundu m'manja ndi kumapazi, ena khansa. Anachita kuyenda chitsime ndi chitsime, choipa kuchipaka penti yofiira, chabwino yobiriwira.

Tiyamike: Kusukulu tinamva za mankhwala opangidwa m'mafakitale otchedwa PFAS, amene amati satha mpaka kalekale. Ndi zoona kuti ali m'magazi a pafupifupi aliyense?

aPhiri Mphunzitsi: Kumayiko kumene anayeza anthu ambiri, anawapeza mwa pafupifupi onse. Amagwiritsidwa ntchito m'ziwaya zosamatirira, m'nsalu zosalowa madzi ndi m'thovu lozimitsira moto. Kufupi ndi fakitale ya DuPont ku Parkersburg, West Virginia, m'dziko la United States, anayeza anthu pafupifupi 69,000 amene ankamwa madzi okhala ndi PFOA, mtundu umodzi wa PFAS, ndipo akatswiri anapeza kuti n'kutheka ndithu kuti mankhwalawa akukhudzana ndi matenda asanu ndi limodzi, kuphatikizapo khansa ya impso ndi kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Kumenekonso zinayamba kuoneka pa ziweto. Mlimi wina ng'ombe zake zinkafa zikamwa mumtsinje wodutsa pafupi ndi dzala la kampaniyo.

Nangozo: Amphaka, mbalame, ng'ombe, tsopano achule a mayi Nachisale. Zikundiwawa kuti nthawi zonse nyama zimayamba kufa ife tikuona, koma timadikira mpaka adwale mwana. Nanga zosefera madzi zimathandiza? Ndimamva za makala ndi mchenga.

aPhiri Mphunzitsi: Mchenga ndi nsalu zimachotsa matope. Makala okonzedwa mwapadera, amene amaikidwa m'zosefera zogula, amagwira mankhwala ambiri ophera tizilombo ndi ena a PFAS, koma nitrate amadutsa, ndipo akadzaza ayenera kusinthidwa. Makala wamba ophikira mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, sindingaike moyo wa mwana pamenepo. Makina a reverse osmosis, amene amakankha madzi kudutsa pasefa yothina kwambiri, amachotsa zambiri koma ndi okwera mtengo ndipo amataya madzi. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira za kumtunda. Madzi akatayika saoleka, ndipo kutulutsa supuni imodzi ya poizoni mumtsinje n'kovuta kuposa kuletsa dzanja limene likufuna kuithira.

aMbewe: Koma tisamangothera pa mlimi ndi makanika. Nkhani zonse mwakambazi, aphunzitsi, zazikuluzikuluzo anachita ndi makampani odziwa bwino zimene akutaya. Ife timalakwa posadziwa, iwo ankabisa.

aPhiri Mphunzitsi: Zoona, bambo. Ndipo malamulo akakhwima zinthu zimasintha. Petulo wa mtovu anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1920, dziko lomaliza kumusiya linali Algeria mu 2021, ndipo kulikonse kumene anamuletsa mtovu m'magazi a ana unatsika. Pangano la mayiko lolimbana ndi mercury, la mu 2013, analitcha dzina la Minamata. Komabe ndisakubisireni, lero gwero lalikulu la mercury wopita mumlengalenga chifukwa cha ntchito za anthu ndi okumba golide ang'onoang'ono, amene amawotcha mercury pamoto kuti golide atsale, akupuma utsi wake iwo eni ndi ana awo. Osaukanso tili m'nkhaniyi, mbali zonse ziwiri.

Nachisale: Ndabwerako. Banja lina linali litataya kale nsombazo chifukwa agogo a m'nyumbamo anakana. Banja lina anadya dzulo usiku, ndipo kamnyamata kawo kasanza kawiri, kakudandaula mutu. Ndawawerengera uthenga wanu, amayi Nabanda, ndipo apita nako kuchipatala tsopano lino. Zotsala tazikwirira m'dzenje lakuya kutali ndi madzi. Ndinapitanso ku ofesi ina kukanena, koma anandiuza kuti poti madzi ayera palibe choti abwere kudzaona. Ndabwerera ndili wokhumudwa kwambiri.

Nabanda: Mwachita zazikulu, achemwali. Musagwe ulesi ndi yankho limenelo. Achipatala akamuona mwanayo, apempheni alembe kuti wadwala atadya nsomba za mumtsinjewo, ndipo nkhaniyo ifike kwa oyang'anira zaumoyo m'dera lanu. Kalata ya chipatala imatsegula zitseko zimene pakamwa pathu sipatsegula.

aPhiri Mphunzitsi: Ndipo lembani zonse lero, tsiku, nthawi, malo, mitundu ya zimene zinafa, ndi zithunzi ngati munajambula. Tungani madzi m'botolo lagalasi loyera, mulitsukuluze ndi madzi a mumtsinje omwewo, mulidzaze mpaka pakamwa, mutseke, mulembepo tsiku, mulisunge pozizira ndi pamdima pomwe ana sangafike. Mutengenso matope a pansi m'botolo lina, chifukwa mankhwala ena amachoka m'madzi koma amakakamira m'matope. Valani magolovesi kapena mapulasitiki m'manja. Zifike kwa oyeza mwamsanga, masiku akamapita umboni umachepa. Dandaulo mukalipereke lolembedwa, losainidwa ndi anthu angapo, ndipo musunge kope lanu.

aMbewe: Mayi, kwa alimi akumtundawo musapite nokha ndiponso musapite ndi mkwiyo, angabise mabotolo. Pitani ndi mlangizi wa zaulimi kapena munthu wamkulu amene amamumvera, mukangofunsa dzina la mankhwala amene anapopera sabata ino, chifukwa achipatala akulifuna. Mlimi akamva kuti pali mwana wadwala, anena.

Mavuto: Ine mabatire asanu amene anali kuseri ndawanyamula, mwana ndamupititsa kwa azakhali ake mpaka tikonze pabwalo. Mawa m'mawa tikupita kukayezetsa.

Nachisale: Zithunzi ndili nazo zinayi, za achule zomwe. Botolo lagalasi ndalipeza, ndikutsikira kumtsinje dzuwa lisanalowe. Amuna anga akambirana ndi anzawo zosonkha ndalama zokonzera mjigo, ndipo pakadali pano tikukatunga kuchitsime cha kutsidya, ngakhale kuli kutali. Amayi Nabanda, mayi a kamnyamata kaja angondiimbira, akuti amugoneka kuti amuone usiku uno ndipo kusanza kwaleka. Akufunsa ngati mlongo wake wamng'ono, amene anangolawa pang'ono, apite nayenso.

Nabanda: Apite naye usiku womwe uno, asadikire kuti ayambe kusanza.